Timilu Timene Ndinasalaza

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene boma la Apwitikizi linatisamutsa. Ufulu unali utatsala zaka zitatu kuti ubwere, koma zimenezo tikuzidziwa lero. Pa nthawiyo panalibe wowerenga zaka zotsala. Nkhondo inali itayandikira mapiri athu a ku Angonia, ndipo akuluakulu a ku boma, kumene masiku ano timati ku Ulongwe, anaganiza kuti anthu okhala patalipatali, banja pano lina uko, ndiwo ankadyetsa anyamata a kutchire omenyera ufulu. Anatisonkhanitsa midzi isanu pamsana pa phiri limodzi cha ku Domwe, n'kutizinga ndi waya wa minga. Mudzi watsopanowo eni ake ankautcha alideyamentu. Ife tinkangoti ku Mizere, chifukwa chilichonse kumeneko chinali pamzere: nyumba, nkhokwe, zimbudzi. Nkhuku zokha ndi zimene zinakana kumva lamulo.

Pakhomo pathu tinalipo atatu: amayi, amene anthu ankawaitana kuti Anambewe, ine Rozina, ndi mlongo wanga Paulo wa zaka zinayi. Bambo anapita ku Halale Paulo ali m'mimba, ndipo makalata awo analeka kufika chaka chomwe ine ndinaphunzira kuwerenga.

Anatipatsa masiku ochepa osamukira. Tinasenza chitseko, mitengo ya denga, makasu awiri ndi chimanga chimene mitu yathu inatha kunyamula. Chotsala m'nkhokwe asilikali anachitentha. Mbewu yokha amayi sanalole kuti munthu wina aigwire. Chimanga chija chinkalendewera kudenga, chakuda bii ndi utsi, anachikulunga m'nsalu n'kuchibereka kumbuyo, Paulo akuyenda pansi. Tinasiya munda umene amayi analandira kwa amayi awo, wa mizere yokhotakhota yozungulira mimba ya phiri, ndi mitengo ya mapichesi itangoyamba kumene maluwa. Ine ndinkayembekezera kuti amayi alira tikamachoka, monga ankalirira akazi ena. Sanalire. Anangozizira. Kuyambira tsiku limenelo ankayankhula ngati munthu amene mawu akumuthera, ndipo nthawi zina ankathira mchere kawiri mu ndiwo osadziwa.

Tisanamalize n'kuphoma nyumba komwe, kunabwera amayi aang'ono, a Felista, mng'ono wawo wa amayi amene anakwatiwa kutsidya kwa malire, ku Dedza. Iwo analibe mwana. Anayang'ana kankhokwe kathu, anayang'ana miyendo ya Paulo, kenaka anati:

"Achemwali, ndipatseni mwanayu ndikamulere. Kuno mudzamudyetsa chiyani?"

Ine ndinali pakhonde, ndikusenda nandolo wouma, makutu ali m'nyumba.

"Tione kaye munda," anatero amayi. "Ukabereka, mwana akhala. Ukakana, udzabwere udzamutenge."

Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo sindinganame kuti sindinkadziwa chimene munda umenewo unanyamula. Ndinalumbira mumtima kuti Paulo sapita kulikonse. Ndine ndinamubereka kumbuyo kuyambira ali wakhanda. Dzina langa linkamuvuta, ankangoti Lozi.

Minda anatigawira dzuwa la chilimwe litafika pachimake. Anabwera mzungu wa zaulimi, amene tinkamutcha rejente, ali ndi pepala lalikulu lojambulidwa mizere. Kumbuyo kwake kunali kapitawo wake, a Jeremiyasi, munthu wakwathu ndithu, wobadwira kutsidya kwa mtsinje, amene ankagwira chingwe, kukhoma zikhomo ndi kumasulira mawu. Banja lililonse linalandira kamunda kowonda, kotsetsereka kuchokera pawaya mpaka kumtsinje. Kenaka rejente ananena lamulo. Mizere yonse iyenera kulunjika kumunsi, yowongoka, ndipo makwawa a pakati pa mizere akhale oyera, opanda chotchinga. Pakona pa mudzi panali nsanja ya mlonda wa mfuti. Ankafuna kuti mlondayo akasuzumira, maso ake azitsika m'khwawa lililonse mpaka kumtsinje, kuti pasapezeke wobisala m'chimanga ndi phukusi la ufa.

Bambo wina wachikulire anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu:

"Nanga madzi, a Kapitawo? Mizere yoloza kumunsi paphiri ngati ili?"

A Jeremiyasi anamasulira. Rejente anagogoda pepala lija ndi chala, ndipo nkhani inathera pomwepo. Papepalapo panalibe mvula.

Apa ndiyenera kuulula chinthu chochititsa manyazi. Ine ku Mizere kunkandisangalatsa. Ndinali m'kalasi yachitatu pasukulu ya mishoni imene anaisamutsira mkati mwa waya, ndipo ndinali mwana wa mtundu uja wokweza dzanja mphunzitsi asanamalize funso. Ndinkakonda zinthu zowongoka. Regwa, kathabwa kaja kolembera mizere, ndinalibe, choncho ndinkalemba mizere m'kaderno, buku langa lolembamo, ndi kachidutswa ka bango, n'kumasilira ana a masipayi, apolisi a boma aja, amene anali ndi regwa zenizeni. Ndikakumbuka mudzi wathu wakale, ndi tinjira take tokhotakhota, ndinkaona ngati tinali anthu osalongosoka amene tsopano aphunzitsidwa.

Kusukuluko mphunzitsi ankatifunsanso mafunso ena osakhala a masamu. Kwanu kunabwera mlendo? Amayi ako akamapita kumunda amanyamula chakudya cha anthu angati? Ankafunsa akumwetulira, ndipo woyankha bwino ankamuyamikira. Sindinkadziwa kuti mayankho athu ankapita patali. Chimene ndinkaona n'chakuti ndikafika pamene akuluakulu akucheza, nkhani inkazima ngati moto wothiridwa madzi. Ndinkaganiza kuti akundichitira nsanje chifukwa cha Chipwitikizi changa.

Tinayamba kuunga mizere, amayi kutsogolo ine pambuyo, Paulo akusewera ndi ziwala pamthunzi wa chitsamba. Dothi linali labwino, lakuda pamwamba, la tsala limene linali lisanalimidwe zaka zambiri. Tinatsata chingwe cha a Jeremiyasi monga mwa lamulo. Koma ndinaona kuti amayi akayenda mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, ankasiya kamulu ka dothi pakati pa khwawa, kakafupi, kosafika ndi theka la mzere, n'kukankhirapo zinyalala ndi phazi. Timiluto tinkaoneka ngati tofukula mfuko. Tinkaipitsa munda wonse.

"Amayi, mwasiya dothi apa," ndinawauza tsiku lina.

"Lisiye."

"Koma a rejente anati..."

"Ndati lisiye. Lima."

Sanatembenuke n'komwe. Ine ndinadzipezera ndekha yankho, monga amachitira ana ochenjera. Ndinati amayi atopa. Munthu wothira mchere kawiri mu ndiwo angalephere bwanji kuiwala dothi m'khwawa? Ndinawamvera chisoni, chisoni chija chimene chimakhala ndi kakunyada mkati.

Mvula yoyamba itagwa tinabzala mbewu yonse imene amayi anabereka kumbuyo ija, chimanga pamwamba pa mzere, nyemba m'mbali. Sitinasungeko ngakhale yodzaza dzanja, chifukwa inali yongokwanira. Chinamera bwino. Chitafika m'akakolo, a Jeremiyasi anayenda mzere ndi mzere wa nyumba akulengeza kuti Loweruka rejente adzayendera minda, ndipo amene makwawa ake adzapezeke otchingika adzalawa mbalamatodya, chikwapu chija chathabwa chomenyera m'manja, mwinanso kulandidwa munda. Lachisanu lake akazi a mzere wathu, amayi ali pomwepo, anawatenga kukasenza miyala yokonzera msewu.

Tsiku limenelo sindinapite kusukulu, koyamba chiyambire. Ndinasiya Paulo kwa anansi, ndinatenga khasu la amayi, lolemera lija, n'kutsikira kumunda. M'maganizo mwanga ndinkaona manja a amayi atatupa ndi mbalamatodya, ndinkaona munda utalandidwa, ndinkaona amayi aang'ono akubwera kudzatenga Paulo. Ndinayamba khwawa loyamba, kamulu ndi kamulu, kukokera dothi kumzere n'kusalaza ndi msana wa khasu. Dzuwa linakwera, linafika pamutu, linapendeka. M'manja munatuluka matuza n'kuphulika. Sindinadye kanthu kupatula masuku awiri amene ndinatola m'mphepete mwa mtsinje. Nditamaliza ndinakwera pawaya n'kuyang'ana kumunsi. Khwawa lililonse linali mbee, ndipo kumapeto kwake madzi a mumtsinje ankanyezimira. Sindinaonepo munda wokongola chotero, ndipo mpaka lero sindinauonenso.

Amayi anabwera madzulo, fumbi la miyala lili m'tsitsi, chipata cha kuminda atatseka kale. Sindinawauze. Ndinkafuna akadzionere okha.

M'mawa wa Loweruka banja lililonse linaima kumutu kwa munda wake. Amayi anafika atagwira Paulo padzanja, anayang'ana kumunsi, ndipo anaima pomwepo. Ndinkadikira kuti anditembenukire. Iwo anangoika dzanja pamutu pa Paulo n'kulisiya pamenepo.

Oyendera minda anayambira kumapeto. A Jeremiyasi anali patsogolo, ndipo tsikulo anali olongolola modabwitsa. Ankaloza mitambo, ankathyola tsamba la chimanga n'kumuonetsa rejente, ankamufunsa za mbozi, ankaima mbali imene inkachititsa mzunguyo kufulatira makwawa. Poti ndinali ndi nthawi, ndinayamba kuyang'ana minda ya anansi kuti ndione amene alawe mbalamatodya. Munda wa kumanja unali ndi timilu. Wa kumanzere unali nato. Wotsatira nawonso, tophimbidwa ndi udzu, tobisala pansi pa masamba a nyemba, koma tinalipo. Ndikukumbukira bwino funso lopusa limene linandibwerera: kodi azimayi onsewa atopa?

Atafika pamunda pathu, a Jeremiyasi anaima. Anayang'ana makwawa, anayang'ana amayi.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine," ndinayankha msanga, dzanja litatsala pang'ono kukwera m'mwamba ngati m'kalasi.

Rejente ananjuta pansi, anatsinzina diso limodzi, n'kuyang'ana m'khwawa mpaka kumtsinje. Anadzuka akuseka. Ananena mawu awiri a Chipwitikizi aja amene mwana aliyense ankawalakalaka kusukulu, anandisisita pamutu, kenaka anapisa m'chikwama chake n'kutulutsa regwa yachikasu, ya manambala akuda, nandipatsa. Anayankhulanso zambiri, ndipo a Jeremiyasi anamasulira ndi mawu otsika, maso ali pansi. Kuyambira lero munda wa Anambewe ndi munda wa chitsanzo. Paikidwa chikhomo choyera. Anthu onse abwere adzaone mmene makwawa ayenera kukhalira, alendo ochokera ku boma azidzaonetsedwa pano, ndipo mlonda wa pansanja aziuyang'anira kuti ukhale chomwechi mpaka kukolola.

Gululo likusunthira kumunda wotsatira, a Jeremiyasi anatsalira pang'ono ngati akumanga chingwe cha nsapato.

"Pepani, Anambewe," anatero chapansipansi. "Apa ndiye sindingathenso kutseka maso."

Amayi anangogwedeza mutu.

Kunyumba sanandimenye. Pambuyo pake ndinkalakalaka akanandimenya, chifukwa mkwapulo umakhala ndi potha. Ndinawaonetsa regwa ija. Anaiyang'ana monga mmene munthu amayang'anira khoma.

"Sunga," anatero. Patapita kanthawi anawonjezera: "Timilu tija tinali ta madzi. Madzi akamatsika amafika pakamulu, amaima, amalowa pansi. Popanda timilu amathamanga."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Akanakufunsa kusukulu ukanayankha chiyani?"

Tonse awiri tinkadziwa kuti ndikanayankha, ndiponso kuti ndikanayankha ndisanalozedwe n'komwe.

Amayi anayesako kamodzi. Popalira, anagubuduzira miyala ingapo m'makwawa a kumtunda ngati yangogwera yokha. Mlonda anakuwa ali pansanja, anatsika, n'kuwaimirira mpaka anaichotsa yonse umodziumodzi. Sanayesenso. Masabata atatu otsatira tinkapita kumunda tsiku lililonse, kupalira, kubandira, kuchotsa mbozi, ngati anthu osamalira wodwala amene onse akudziwa kuti sadzuka. Mvula zing'onozing'ono zinkagwa, ndipo iliyonse inkanyambita pang'ono. M'mawa tinkapeza mizu ya nyemba ili pamtunda, yoyera. Anthu ankabwera kudzaonetsedwa munda wa chitsanzo, ankaima mwaulemu, ankavomera zonse, osayang'ana amayi kumaso. Kusukulu mphunzitsi anandiimika kutsogolo kuti anzanga andiwombere m'manja. Ndinaima. Sindinamve manyazi kapena kukoma. Ndinkangomva phokoso la manja ngati likuchokera m'chipinda china.

Chimvula chenicheni chinagwa Natale, Khirisimasi ija, itangodutsa, masana dzuwa litangopendeka. Mudzi wonse wa ku Mizere unali pamtunda pathu, mabwalo osesedwa, opanda mtengo ngakhale umodzi chifukwa yonse anaidula kuti mlonda aziona bwino. Madzi a padenga lililonse anatsikira mumsewu wowongoka wa pakati pa nyumba, anasonkhana, anadutsa pansi pa waya, n'kupeza makwawa asanu ndi atatu osalala akuwadikira. Ine ndi amayi tinaima pawaya, mvula ikutimenya, Paulo ali kumbuyo kwanga pansi pa thumba. Poyamba madzi anali akuda, kenaka anafiira. Mizere inayamba kudyeka m'mbali. Ndinaona phesi limodzi la chimanga likuyenda choimirira, ndi dothi lake lomwe, mpaka linagwa chafufumimba n'kupita. Ena anatsatira. M'minda ya anansi madzi anali ataima m'timadamu ting'onoting'ono, kamulu ndi kamulu, ngati mbale zoyalidwa pamphasa. Nawonso anataya ndithu, koma minda yawo inatsala.

Palibe amene anakuwa. Amayi anapukuta madzi kumaso n'kunena kuti, "Tiyeni, mwana azizidwa."

Kutacha tinapeza katondo wofiira ndi miyala. Khwawa la pakati linali litasanduka ngalande yofika m'mawondo. Amayi anatsikira kumtsinje ndi dengu, n'kumatola chimanga chimene chinakodwa m'mabango, kubwera nacho kudzachiwokeranso pamene panatsala dothi. Ndinawathandiza. Chinafota patapita masiku atatu. Mbewu ina yobzalanso panalibe, ndipo nyengo inali itapita. Chikhomo choyera chokha ndi chimene madzi anachisiya chili chiimire, mpaka tsiku lina a Jeremiyasi anachizula mwakachetechete n'kupita nacho atachibisa m'jekete. Rejente sanabweretsenso alendo. Lamulo silinasinthe, ndipo palibe amene anafunsidwa mlandu.

Tinakolola madengu awiri. Anansi anatigawirako, koma chaka chimenecho aliyense ankagawa kuchokera pa zochepa. Amayi ankagwira ganyu m'minda ya ena kuti alandire mbale ya ufa. Tsitsi la Paulo linayamba kufiira, ndipo analeka kuthamangitsa ziwala.

Amayi aang'ono anabwera nyengo yozizira, nkhungu itaphimba phiri. Sipanakhale kukambirana kulikonse, poti mawu anali atanenedwa kale. Amuna awo anali akudikira ndi njinga kunja kwa waya, kuti akadutse malire pa Kalomwe dzuwa lisanalowe. Ife chikalata chotulukira tinalibe, choncho tinawaperekeza mpaka pachipata basi. Paulo anali wosangalala, chifukwa anali asanakwerepo njinga. Anafuna kunyamula kanthu m'manja ngati munthu wa paulendo, ndipo ine ndinathamangira m'nyumba n'kumutengera regwa ija. Anaigwira ngati ndodo. Atamukweza pakaliyala anatembenuka n'kukuwa kuti, "Lozi, taona!" Ndinaona. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kulira, ndinadikira misozi, koma sinabwere. Chimene ndikukumbukira n'chakuti mapazi anga ankazizira kwambiri. Njinga italowa m'nkhungu amayi anabwerera kunyumba, anatenga khasu, n'kupita kukagwira ganyu ya tsikulo.

Ufulu utabwera waya anamuchotsa. Amayi anawoloka malire kukatenga mwana wawo. Anakapeza mnyamata wonenepa, wa yunifolomu ya sukulu, amene atawaona anabisala kumbuyo kwa a Felista n'kufunsa kuti, "Amayi, awa ndi ndani?" Anagonako masiku awiri, n'kubwerako okha. Nditawafunsa anangoti, "Akuphunzira bwino." Sanabwerezenso nkhaniyo mpaka imfa yawo. Pamaliro awo Paulo anabwera, mwamuna wamkulu, n'kukhala pamodzi ndi alendo.

Ambiri a ife sitinabwerere kumidzi yakale. Tinakhazikika paphiri pomwepa, ndipo mizere tinaitembenuza kuti izipingasa phiri monga kale. Koma ngalande ya m'munda mwathu ija sinamve za ufulu. Chaka ndi chaka inkakula, ndipo lero ndi chigwembe chakuti nyumba ikhoza kulowamo denga osaoneka. Chinadula minda ya mudzi pakati, moti wopita kutsidya amazungulira ulendo wautali. Ana a masiku ano amachitcha Chitsanzo. Amati mbuzi yagwera m'Chitsanzo, osadziwa kumene dzinalo linachokera.

Panopa ndine mmodzi wa anthu amene mudzi unawasankha kuti azikhala pansi ndi alangizi a zaulimi pokonza za kagwiritsidwe ntchito ka malo: pati padutse msewu, pati pakhale msipu, pati pabzalidwe mitengo, pati pasalimidwe. Alangiziwo ndi ana aulemu, ndipo amabwera ndi mapepala okongola kuposa la rejente. Timilu ta amayi tija amatiphunzitsa ngati nzeru yatsopano, amati ngonyeka, ndipo ine ndimamvetsera osawadula mawu. Koma akayala pepala lawo, ndimafunsa funso la bambo wovula chipewa uja: nanga madzi? Ndimawauza kuti abwerenso mvula ikugwa, tidzayende nawo kuchokera pamsana pa phiri mpaka kumtsinje, kenaka tidzakhome zikhomo. Amandidziwa kuti ndine mayi wovuta. Zidzukulu zanganso zimatopa nane, chifukwa sindizilola kugwira khasu ndisanaziuze ntchito ya kamulu kalikonse, mwala uliwonse ndi udzu uliwonse umene ndausiya dala m'munda. Zimati agogo amalongolola. Zilongolole zanga n'zochepa poyerekeza ndi zimene kukhala chete kunatidyera.

Chaka chatha Paulo anabwera kudzationa, imvi zili mbuu. Anapuma ntchito ya uphunzitsi, ndipo akamati kwathu amatanthauza ku Dedza. Ndinapita naye kukaona minda. Titafika m'mphepete mwa chigwembe anaima, manja kumbuyo, n'kupukusa mutu.

"Achemwali, anthu a kuno simusamala nthaka. Analola ndani kuti pafike poterepa?"

"Ndine," ndinatero.

Anaseka, poganiza kuti ndikuchita nthabwala. Ndinamukhazika pamwala n'kumuuza zonse, kuyambira mbewu imene amayi anabereka kumbuyo iye akuyenda pansi, mpaka pachipata. Anamvetsera mwaulemu, monga mmene munthu amamvera nkhani ya banja la eni. Regwa sankaikumbuka. Dzina lakuti Lozi sankalikumbuka. Anati akukumbukira njinga yokha.

"Munali mwana, achemwali," anatero pomaliza. "Musadziimbe mlandu."

N'zoona, ndinali mwana, ndipo ndinasiya kale kufunafuna woti ndimuimbe mlandu. Rejente ankakhulupirira pepala lake, amayi ankaopa pakamwa panga, ine ndinkafuna kuthandiza. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti malo sakonzedwa ndi munthu amene sanaimepo mvula ikugwa, ndiponso kuti chinthu chooneka chokhota m'munda mwa mlimi chimakhala ndi ntchito yake, ngakhale mwiniwake atakhala kuti sangathe kuinena. Ndikanafunsa kachiwiri, kapena amayi akanayankha kamodzi, bwenzi munthu amene anakhala nane pamwala tsiku lija ali mlongo wanga osati mlendo waulemu. Madzi aja sanakokolole chimanga chokha. Anatsika m'makwawa amene ndinasalaza ndi manja angawa, anatenga mwana wa amayi, n'kukamutula ku Dedza.